Kagalasi ka m'Thumba

Ku tauni ya Aluminé mukafunsa za munthu wodziwa mfuti, aliyense akulozerani kumapeto kwa msewu wotsikira kumtsinje, kumene Baldomero Quilodrán ali ndi chipala chosulira nsapato zachitsulo za mahatchi. Mfuti yake inali imodzi yokha, yakalekale, yosiyidwa ndi malemu bambo ake, ndipo pamsana pake panalibe galasi lija lolozera, lokuza zakutali. Ankalozera ndi tizitsulo tiwiri tija, kena kumphuno kwa mfuti kena pafupi ndi diso, koma mbawala imene waloza iyeyo sinkapita patali. Za kuwombera palibe ankatsutsa. Chimene chinamuika m'madzi bamboyu ndi pakamwa pake.

Mwezi wa Malichi ukalowa, mbawala zamphongo zikayamba kubangula m'mapiri kuitana zazikazi, alenje a ku Buenos Aires ankadzaza tauni ndi magalimoto awo, aliyense mfuti yake itabereka chigalasi. Baldomero ankaima pakhomo pa chipala chake, nyundo kumanja, n'kumawaseka mosabisa.

"Tamuonani uyo! Akupita kosaka kapena akukawerenga nyenyezi? Mwamuna wofuna galasi kuti aone mbawala, bola akhale pakhomo aziluka masokosi ndi azakhali ake."

Nyimbo imeneyi anaiimba zaka ndi zaka, ku bala, ku mipikisano ya mahatchi, ngakhale pamaliro, mpaka alenje ena a m'tauni momwemo amene anagula magalasi ankazungulira njira ina kuopa kudutsa pachipala pake. Ndiye pamene diso lake lamanja linayamba kuchita chifunga, lamanzere n'kutsatira, munthuyu analibe kolowera. Zitseko zonse anali atakhoma yekha.

Anadziwa kuti ndi ng'ala, poti mayi ake inawagwira chimodzimodzi. Zapafupi ankaona ndithu, chiboda ndi msomali sizinkamuvuta. Koma zakutali zinkangosungunuka, ndipo akakweza mfuti, kachitsulo ka kumphuno kaja kankasakanikirana ndi phiri. Kuchipatala sanapite, ati nkhani ingafike ku bala iye asanafike n'kunyumba komwe. Chaka chathacho anazemba ulenje ponamizira msana. Ankachita manyazi, ndipo si ng'alayo imene inkamuchititsa manyazi ayi, anali mawu ake omwe.

Chaka chino Nicanor Huenchul sanampatse mpata. Nicanor ndi amene ananyamula mwana wamkazi wa Baldomero paubatizo, choncho awiriwa ankaitanana compadre. Ankaweta ng'ombe pa esiteti ina ya kumtunda, ndipo eni ake ankamulola kupha mbawala imodzi yokalamba pachaka. Kuwombera sankatha, chifukwa hatchi inamuthyola phewa ali mnyamata ndipo mfuti ikamukankha ankagona nalo sabata. Koma mumpatse nyanga ya ng'ombe aike pakamwa, ankabangula mpaka mphongo yeniyeni kubwera ili ndi ukali kudzaona wolanda akazi ake. Wina ankaitana, wina ankawombera, ndipo nyama ankagawana pakati.

Nicanor anafika pachipala m'mawa wina akukoka hatchi yotsimphina.

"Compadre, msana uja unachira, kapena tisonkherane tikugulireni ndodo?"

"Msana wanga usiyeni. Kwezani mwendo wa chinyama chanuchi. Kodi ziboda izi mumazisamala, kapena mumangozipempherera?"

"Ndaipeza nkhalamba ija," anatero Nicanor, akugwira mwendo wa hatchi. "Ili kuseri kwa phiri la miyala yoyera. Nkhope yonse imvi, mawu ngati thirakitala yokana kulira. Chisanu chikubwerachi sichiisiya, ndiye abwana avomera. Loweruka likubwerali ayi, linalo. Ndipo za msana sindikufuna kumva. Chaka chatha ana anga anadya nyemba mpaka kuyamba kulankhula nazo."

"Kaiuzeni itsanzike akazi ake," anatero Baldomero, maso ali pachiboda. Pakamwa panangoyankha mwachizolowezi.

Lolemba anauza mkazi wake Ermelinda kuti akukagula zitsulo ku Zapala, anakulunga mfuti m'bulangete, n'kukwera basi. Ku Zapala n'kutali ndithu, ndipo kutalikako n'kumene ankafuna. Sitolo ya mfuti anaipeza kuseri kwa siteshoni. Mwini wake anali Doña Zulema, mayi wa mikono ikuluikulu, magalasi a maso akulendewera pachingwe, chikho cha tiyi wowawa uja timamutcha mate chili pambali pa sikelo.

"Ndikufuna galasi la mfuti," anatero Baldomero atayang'ana kaye kukhomo. "Si langa ayi. Ndi la mlamu wanga."

"Ehe. Alamu anuwo ndi a msinkhu wanji?"

"Ngati wangawu."

"Maso awo?"

"Akuti akuchita utsi."

"Alamu ambiri akudwala matenda amenewo chaka chino," anatero mayiyo osaseka. "Tamasulani bulangetelo ndione mfuti ya alamu."

Anaitembenuza uku ndi uku, anasuzumira mu mpope wake, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anafunsa kumene mfutiyo imasaka, ngati ndi pansi kapena m'phiri, wapansi kapena pahatchi. Atamva anatsegula kabati n'kuyala magalasi atatu patebulo. Loyamba linali chimphona, lodzaza ndi zopotokola.

"Ili limakuza mpaka mungawerenge nkhupakupa pakhutu la mbawala. Koma tanyamulani."

Baldomero ananyamula, dzanja n'kutsika lokha.

"Mwaona? Kwa munthu wokhala pampando kudikira nguluwe pachitsime ndi labwino. M'phiri, pofika masana mulitukwana ndi mtundu wake womwe. Komanso limaononga kakhalidwe ka mfuti, imayamba kugwera mbali."

Lachiwiri linali lopepuka ngati bango, lonyezimira bwino. Baldomero analikonda msanga. Doña Zulema sanatsutse, anangopita ku firiji imene ankasungiramo zakumwa, n'kutulutsamo linzake la mtundu womwewo.

"Ili ndimalisunga umu dala. Suzumiranimo."

Munali nthunzi yokhayokha, m'kati mwenimweni mosafika mpango.

"Ndi mmene lidzakhalire m'mawa wachisanu, mbawala ili patsogolo panu. Kupepuka kwake n'kwa chitini. Mfuti ikalikankha kangapo, kamtanda ka m'katika kamayamba kuyenda kokha. Ndimagulitsa kwa owombera zitini kuseri kwa nyumba. Kwa alamu anu ayi."

Lachitatu linali kakang'ono, kakuda, kafupi, kopanda chokongola chilichonse.

"Aka kamakuza kanayi basi, osapitirira, osachepera. Mulibe zambiri zoyenda m'katimu, ndiye mulibenso zambiri zoti zionongeke. Madzi salowa. Kulemera kwake simukumva n'komwe, koma chitsulo chake n'chenicheni. Munthu wa m'phiri amene amadziwa kuyandikira nyama safuna choposa apa. Pitani pakhomopo mukayese."

Baldomero anaima pakhomo n'kuika kagalasiko padiso. Kutali, kupyola njanji, padenga la nyumba ina, mzimayi ankayanika zovala. Anaona malaya abuluu a mizeremizere. Anaona kopanira zovala kali pakamwa pa mzimayiyo. Anaona mpheta itatera pawaya, ikugwedeza mchira. Zinthu zimenezi anali atasiya kuziona osadziwa n'komwe tsiku limene zinachoka. Anakondwa ngati mwana. Kenako anakumbukira nkhope za ku bala, chimwemwe chonse n'kuzizira.

"Kodi kamakwana m'thumba la jekete?" anafunsa pobwerera.

Doña Zulema anavala magalasi ake kuti amuone bwino.

"Galasi silikhala m'thumba, bambo. Limakhala pamfuti."

Anaboola pamsana pa mfuti, anamangapo kachitsulo kokhalira, n'kukhazikapo kagalasiko ndi mphete ziwiri, iliyonse ndi kabauti kake. Kenako anatseka sitolo, anamukweza m'galimoto yake yakutha, n'kupita naye ku dzenje lokumbamo miyala kunja kwa tauni. Anakhoma pepala pathabwa. Baldomero ankawombera, mayiyo n'kumapotokola pang'ono, kuwomberanso, kupotokolanso, mpaka mabowo anayamba kugundana pakati penipeni pa pepala.

"Alamu anu ali ndi dzanja," anatero Doña Zulema. "Tsopano mukawauze izi, ndipo akamve. Timabauti tiwiriti asatikhudze. Mphete izi n'zopepuka, zimagwira zolimba ukazisiya pamene zakhala. Ukachotsa n'kubwezera, galasi limakuuza kuti waloza pamtima, chipolopolo n'kupita kwina. Akachotsa, ayambirenso kuwombera pepala. Mwamva?"

"Ndamva."

"Chikwama chawo cha mfuti cha pahatchi n'chotani?"

"Chachikopa. Chakale."

"Chopyapyala ngati cha mpeni, eti? Mfuti ya galasi silowamo. Tengani ichi."

Anatulutsa kuseri kwa mpando chikwama chatsopano, chotupa pakati ngati mbuzi ya bere. Baldomero anangochiona kamodzi. Kwathu kuno mfuti imayenda pansi pa mwendo wa wokwera hatchi, poyera, ndipo chikwama cha mimba chotero chimaoneka munthu ali kutsidya kwa mtsinje. Aliyense amadziwa chimene chatupitsa mimbayo. Iye mwini anali atachipekera mayina angapo, ena osatchulika pamaso pa amayi.

"Mlamu wanga asoka yekha," anatero.

Atafika kwawo anatseka chitseko cha chipala, chinthu chimene sankachita ngakhale kukugwa chipale chofewa. Anayesa kulowetsa mfuti m'chikwama chakale chija, inakana. Anakhala pachitsa nthawi yaitali akuiyang'ana. Kenako anayamba kudzinyengerera. Iye si wosula zitsulo kodi? Iye anayamba kumanga mabauti mayi uja asanabadwe. Akalemba kamzere pa kabauti kalikonse, n'kudzabwezera pa kamzere pomwepo, chingasinthe n'chiyani? Analemba timizereto ndi nsonga ya msomali, anamasula, n'kulowetsa kagalasiko m'sokosi yaubweya yoluka Ermelinda. M'sokosi, tangoganizani.

Kuti ayesenso papepala sizikanatheka. Chigwa chonse chimadziwa kulira kwa mfuti yake, ndipo nyengo ya kubangula munthu sawombera chisawawa, amabalalitsa nyama za anzake. Akanabwera anthu kudzafunsa, n'kupeza Baldomero Quilodrán akuwombera pepala.

Loweruka lija ananyamuka kukuyera, mahatchi akutulutsa nthunzi m'mphuno. Nicanor anali pa nthabwala njira yonse, akudya mkate wokazinga wa m'thumba, akunena za mpongozi wake amene anagula foni yoposa nzeru zake. Baldomero ankaseka pamene payenera kuseka. Sokosi ija inali m'thumba la m'kati, ikugunda panthiti hatchi ikaponda.

Mahatchi anawamanga m'munsi mwa miyala yoyera n'kukwera wapansi, mphepo ikuwaomba kumaso monga zimafunikira. Pamwamba, kutsogolo kwawo kunali chigwembe, ndipo kutsidya kwake kunali dambo laling'ono lozunguliridwa ndi tchire la mitengo ya ñire, masamba ake atafiira kale ndi chisanu. Nicanor analoza chipika choti Baldomero agone kuseri kwake, iye n'kukwawira kutsogolo pang'ono, kumwala wina, nyanga ili m'manja. Msana wake unali kwa mnzake.

Baldomero anasolola sokosi. Zala zinali zitauma ndi kuzizira. Anakhazika kagalasiko, n'kuyamba kumanga kabauti koyamba ndi nsonga ya mpeni. Nicanor anabangula, kubangula kwakuya kothera m'kutsokomola, ndipo nthawi yomweyo tchire la kutsidya linayankha. Mbawalayo inali pafupi kuposa mmene ankayembekezera. Kabauti kachiwiri kanalimba kasanafike pa kamzere. Kaya munalowa kaubweya ka sokosi, kaya mphete inakhala mopendeka, iye analibe nthawi yofufuza. Anakanikiza mpeni mwamphamvu mpaka kamzere kanafika pamalo pake, n'kudziuza kuti zatheka.

Mbawala inatulukira padambo, khosi lili lakuda ndi matope, ikuyenda mwaukali. M'kagalasimo inaoneka yonse bwinobwino, imvi za kumaso, nyanga zokhuthala zothyoka nsonga imodzi, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Baldomero anali asanaonepo mbawala chotero ngakhale maso ake ali bwino. Inaima cham'mbali, inatambasula khosi kuti ibangule. Anaika kamtanda kuseri kwa phewa, anagwira mpweya, n'kukhethemula. Kamtanda sikanasunthe ngakhale pang'ono.

Chipolopolo chikalowa m'chifuwa chimamveka phu, ngati kumenya thumba la ufa. Ichi chinamveka khwa. Mbawala inaponya mutu m'mwamba, inaupukusa mwamphamvu, n'kutembenuka kulowa m'tchire ndi miyendo yonse inayi yamphumphu.

Nicanor anacheuka, kukamwa kuli yasa.

"Compadre?"

"Yasuntha," anatero Baldomero, atagonera mfuti ndi chifuwa.

Nicanor sanadikire, anatsetsereka m'chigwembe kuthamangira kutsidya. Ndipo apa ndinene mosapsatira, chifukwa n'zimene zinachitika. Nyama itavulala, mnzake akuthamanga, chinthu choyamba chimene Baldomero anachita chinali kumasula timabauti tija n'kubwezera kagalasi m'sokosi.

Atafika padambo anapeza Nicanor atagwada. Paudzu panali magazi osakanikirana ndi dovu. Nicanor anatola kanthu koyera n'kukaika m'dzanja la Baldomero. Kanali kachidutswa ka fupa, mano awiri akadali pomwepo.

"Nsagwada," anatero Nicanor motsitsa.

Palibe mlenje amene saopa mawu amenewo. Mbawala yolasidwa m'mimba imagona pafupi, yothyoka mwendo agalu amaipeza. Koma yothyoka nsagwada imathamanga ngati yabwinobwino, mtima ndi mapapo zili zonse, ndipo imakhala moyo masiku ambiri, osadya, osamwa, mpaka njala ndi mphutsi zitaimaliza.

"Tiyeni," anatero Nicanor. "Tsogolani."

Mwambo wake ndi womwewo. Wolasa ndiye amatsogola pa magazi, mnzake amatsatira m'mbuyo kuyang'ana uku ndi uku, ndipo wolasa yemweyo ndiye amamaliza. Baldomero anatsogola. Poyamba zinali zosavuta, magazi anali ambiri ndipo nthambi zinali zothyoka. Koma atalowa m'kati mwa tchire madontho anayamba kuchepa, ndipo pansi ponse panali timasamba ta ñire tothothoka, tating'ono ngati chikhadabo, tofiira ngati magazi omwewo. Munthu wa maso abwino amasiyanitsa ali chiimire, chifukwa magazi amanyezimira. Baldomero ankangoona kufiira. Kuti awerame mpaka mphuno pansi, Nicanor akanafunsa. Ndiye anayenda chiimire, mwachangu, ngati munthu wodziwa kumene akupita, akutsata pamene pafiira kwambiri.

Anayenda chotero kanthawi ndithu. Kenako anazindikira kuti kumbuyo kwake sikukumveka mapazi.

"Compadre," anaitana Nicanor ali chapatali. "Mukutsata chiyani?"

"Magazi."

Nicanor anabwera pang'onopang'ono.

"Ati?"

Baldomero analoza ndi nsonga ya nsapato. Nicanor anawerama, anatola kanthuko, anakafikisa pakati pa zala, n'kutambasula dzanja. Kanali katsamba kouma, ndipo zala zinali zoyera.

"Magazi tawasiya kumwala wogawanika uja. Nyama yakhotera kumunsi. Ine ndimayesa mukudula njira, ndimati compadre akudziwa chimene akuchita."

Baldomero anafuna bodza lina, koma m'mutu munali mutauma. Anapisa dzanja m'jekete, anatulutsa sokosi ija, n'kuipereka osayang'ana mnzake kumaso. Nicanor anaigwedeza, kagalasi n'kugwera m'dzanja lake. Anakayang'ana, anayang'ana kachitsulo katsopano pamsana pa mfuti, kenako maso a Baldomero, nthawi yaitali.

Baldomero anadikira chiseko. Anali wokonzeka, ndipo chinali chomuyenera, chiseko cha zaka zonse zija chibwerere pamutu pake. Koma Nicanor sanaseke.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha. Mwina chinacho."

"Msana uja."

"Eya."

"Ndiye galasili, wogulitsa sanakulozereni papepala?"

"Anandilozera. Linali bwino. Ndinachotsa ndekha."

"Chifukwa?"

"Mfuti sinkalowa m'chikwama."

Nicanor anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuchivalanso. Kenako anayankhula, ndipo Baldomero anali asanamumvepo atakwiya chotero.

"Ndiye nkhalamba ija ikuyenda kukamwa kuli lende chifukwa cha chikwama? Ine ndaiitana. Yabwera chifukwa yandikhulupirira ine. Mukanabwera ndi chigalasi chachikulu ngati mpope wa madzi, ndikanakusekani, eya, ndikanakusekani mpaka Khirisimasi. Ndi zomwezo basi? Mumaopa kusekedwa ndi ine? Ine amene munandinyamula pamsana phewa litathyoka, ndikulira ngati mbuzi?"

Nicanor anamubwezera kagalasi ndi sokosi, chilichonse pachokha, n'kutembenuka.

"Nditsateni. Muziponda pamene ndaponda."

Anabwerera kumwala wogawanika, Nicanor n'kuyamba kutsata mkukuluzi wa magazi. Anatsika, anakwera, anadutsa m'nsungwi zowirira zimene zinawang'amba manja. Kawiri konse anapeza pamene nyamayo inaima n'kukhuta mutu pamtengo, makungwa ali magazi okhaokha. Sanadye kanthu. Baldomero ankangoona msana wa mnzake, ndipo phazi lililonse linkamukumbutsa kuti malo akutsogolowo anali ake.

Dzuwa litapendeka, Nicanor anaima n'kukweza dzanja. Kumunsi kunali kamtsinje. Anagwira Baldomero paphewa n'kumulozetsa.

"Iyo, yaima m'madzi. Mukuiona?"

"Ndikuona chakuda."

"Ndi imeneyo. Yanu."

"Compadre, pamtunda uwu tizitsuloti sindikutiona. Galasi likunama. Tengani ndinu."

"Phewa langa mukulidziwa. Ndikaphonya ithawanso, ndipo kachiwiri sitiipeza." Nicanor sanamuyang'ane. "Ngati simukuona, senderani."

Baldomero anavula chipewa ndi jekete, n'kugona chafufumimba. Anakwawa m'matope ozizira, mfuti ili pamikono, kutsata m'mphepete mwa madzi kuti phokoso la mtsinje limubise. Chakuda chija chinayamba kukhala ndi miyendo, kenako nyanga. Anapitirirabe, maondo akulira, mpaka pamene mwana akanatha kuigenda ndi mwala. Pamenepo maso ake ankaona zonse, ndipo anakhumba akanapanda kuona.

Mbawala inali itazika kukamwa m'madzi. Nsagwada ya m'munsi inkalendewera pachikopa chokha, ikugwedezeka ndi madzi oyenda, lilime lili panja. Inkayesa kumwa. Inkakweza mutu kuti imeze, madzi onse n'kukhuthukira pansi ofiira, kenako n'kuzikanso. Inachita zimenezi mobwerezabwereza, moleza mtima, ngati ikuganiza kuti ulendo uno zitheka. Ntchentche zinali zitayamba kale. Kenako inatembenuza mutu n'kumuona. Sinathawe, inangomuyang'ana ndi diso lotopa.

Anawombera kuseri kwa phewa, ndipo inagwa pomwepo. Baldomero anakhala m'matopemo, nkhope ili pamkono, ndipo analira. Nicanor atafika anangosolola mpeni n'kuyamba kusenda.

Anaduladula nyama. Nicanor anapita yekha kukatenga mahatchi, n'kumusiya Baldomero akuingitsa ntchentche ndi nthambi. Atabwera anamanga nyama m'matumba mbali zonse, mutu ndi nyanga pamwamba pa katundu wa hatchi ya Baldomero, monga zimakhalira kuti nyanga zimayenda ndi wowombera. Kukamwa kwa mbawala Nicanor anakukulunga ndi thumba, osafunsa.

Njira yotsikira ku esiteti imadutsa pamalo ena oipa, mwala wotsetsereka mbali ino, phompho mbali inayo, ndipo kuwala kunali kukuchepa. Asanafike pamenepo Nicanor anaimitsa hatchi yake, anabwerera, anawerama n'kutenga chingwe cha pakhosi pa hatchi ya Baldomero. Anachikulunga padzanja n'kutsogola. Ndi mmene timatsitsira ana ndi alendo a m'tauni. Baldomero anayamba kuyenda njira imeneyi ndevu zisanamere, ndipo mawu akuti ndikuidziwa anafika mpaka pamilomo. Anawameza, n'kugwira chishalo ndi manja onse awiri.

Malo oipawo anadutsa, njira inatambasuka, koma Nicanor sanasiye chingwe. Mwina anaiwala, mwina ayi. Baldomero sanachipemphe.

Anafika chotero pabwalo la esiteti. Antchito anali ataweruka, atakhala pakhonde la shedi yometera nkhosa, akupatsirana chikho cha tiyi wa mate. Ataona nyanga anaimirira ndi mfuu, ena akuimba mluzu.

"Eee, nkhalamba yagwa! Don Baldomero, chipolopolo chimodzi ngati kale?"

Kenako mfuu inazilala, chifukwa anali ataona chingwe. Wina anatsokomola. Nicanor anaimitsa hatchi n'kuyang'ana kumbali, kumakola, ngati funsolo silikumukhudza, ndipo zoona silinkamukhudza.

Baldomero anayang'ana kukhondeko. Ankaona zipewa, ndi mawanga otuwa pansi pa zipewazo. Anthu amenewa onse anali atawasulira nsapato za mahatchi awo, ena anawadziwa ali makanda.

"Ziwiri," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anakonza kukhosi n'kubwereza. "Ziwiri. Choyamba ndaithyola nsagwada, yazunzika tsiku lonse." Anapuma kaye, manja akadali pachishalo. "Wafunsawe ndiwe ndani? Sendera kuno, mwanawe. Sindikukuona."